Dzimbiri Silinama

Kuno ku Burgeo msewu amauthira mchere
ngati nsomba zoyanika,
miyezi isanu pachaka, kuti chipale chisungunuke.
Koma mcherewo suthera mumsewu.
Umakwera matayala n’kukabisala m’makona
momwe madzi otsukira safika,
n’kuyamba kudya osatafuna mokweza.

Lero ndagona chagada pa katoni,
simenti ikundiluma msana,
tochi kukamwa, sikuludiraiva m’manja.
Ndikabaya apa, chitsulo chikuyankha: ngwe!
Ndikabaya apo, zii,
yalowa yonse mpaka pachigwiriro,
nyenyeswa zofiira zandigwera m’maso,
m’makutu, m’khosi mwa juzi.

Bambo anga, a Hedley, akhala pa chidebe chovundikira.
Zala zawo zotupa mfundo sizigwiranso sipanala,
koma pakamwa mpamoyo.
“Verna, usakande pamenepo. Pamenepo mpabwino.”
Pomwe aletsapo
mpomwe ndaika galayinda.

Kunsi kwa mpando wa woyendetsa,
penti yakuda yachoka, patuluka zomatira,
zochindikala ngati chikhatho.
Kuseri kwake, waya wa khola la nkhuku.
Kuseri kwa waya, nyuzipepala yofinyafinya,
yachikasu, yonunkha mafuta ndi nyanja.
Ndaitambasula pa bondo pang’onopang’ono.
Mitengo ya nsomba. Boti logulitsa, injini yake yatsopano.
Pamwamba, mwezi ndi chaka chomwe ndinabadwa.

Bambo ayang’ana kukhomo, kunkhungu.
Kenako akuti:
“Amako anali m’chipatala ku Corner Brook.
Ndalama yolipira wowotcherera inathera mafuta,
kupita, kubwera, kupitanso.
Ndinati ndidzakonza bwino kukafunda.”
Kwafunda ka makumi atatu ndi kamodzi.
Galimotoyi yawoloka mitsinje, yakwera miyala,
yanyamula nkhuni ndi nyama ya m’nkhalango,
inandinyamula ine m’diresi loyera,
phazi lawo likuponda pa mitengo ya nsomba.

Masana wabwera Wince, mwana wa malemu Cluny,
akukoka makina owotcherera pa wilibala.
Iyeyu salankhula zambiri.
Wajambula ndi choko kutali ndi bowo,
kutali mpaka mtima wanga wati myuu.
“Dula mpaka chitsulo chiwale.
Ukachitira chifundo chowola,
chimadzadya ndi chigamba chomwe.”
Ndadula. Bowo lomwe linali la nkhonya
tsopano mutha kupisamo mutu n’kupereka moni.

Tadula katoni molingana ndi bowolo,
taiika pa chitsulo chatsopano, talemba m’mbali.
Kupinda pa thabwa, kumenya, kuyesa,
kupala pang’ono, kuyesanso.
Kachinayi chalowa, gwa.

Wince wandiveka chigoba chake chonunkha thukuta.
Dziko lonse bii,
kenako kadzuwa kobiriwira pansonga ya waya.
“Dontho apa. Dumpha, dontho uko.
Ulekere chizizire, ukathamanga chipindika.”
Ndathamanga. Ndaboola.
Mbaliwali imodzi yalowa m’buti,
ndavina gule wopanda ng’oma,
bambo aseka mpaka kutsokomola.
Mzere wanga woyamba ukuoneka
ngati zitosi za mbalame padoko,
koma Wince waumenya ndi nyundo katatu
ndipo sunasunthe.

Kwada tisanafike kumbuyo,
komwe mtanda wogwira masipuling’i
wasanduka bisiketi.
Umenewo ndi wa Loweruka, mwina Loweruka linalo,
mabawuti akavomera kumasuka.
Ndapaka penti yofiira pachigamba,
ndaboola kabowo kotulukira madzi
pomwe fakitale inaiwala.

Ndikusesa. Dzimbiri ladzaza fosholo kawiri,
lolemera kuposa momwe ndimaganizira.
Nyuzipepala ija ndaifuna, sindinaione.
Potuluka, bambo akutsimphina patsogolo panga,
dzanja limodzi pa ndodo,
lina lagwira thumba la jekete
ngati muli dzira.
“Mbali ya amako,” akutero osacheuka,
“nayonso ukaibaye.”